Ntchito za nsomba si za kunyanja kokha

Mnyamata wa ku Lirangwe kapena ku Chileka ukamuuza kuti m'nsomba muli ntchito, amaseka. Nyanja ili kuti kuno? Kwa iye nsomba ndi za anthu a ku Mangochi ndi ku Nkhata Bay, amene anabadwa akuona ngalawa. Koma madzulo ano pitani pamsika wa Lunzu muwerenge mabenchi a usipa, bonya, utaka ndi mlamba wowamba. Nsomba zonsezo sizinayende zokha. Pali amene anazigula kudoko, wina anaziyanika, wina anazinyamula, ndipo aliyense anadyapo yake.

Ine ndikuti ndalama zambiri zimene wachinyamata wa kuno angazifikire zili pakati pa nyanja ndi mbale, osati m'madzi. Mutu umodzi wokha: kuwonongeka. Chambo chikatuluka m'madzi ku Monkey Bay chimayamba kutha mtengo nthawi yomweyo, ndipo kutentha kwa ku Zalewa ndi Lirangwe sikumvera chisoni. Wogulitsa wopanda ayezi amatsitsa mtengo dzuwa likamapendeka, mawa lake n'kutaya zotsala. Choncho amene ali ndi firiji ya sola, amene amaumba ayezi, amene amadziwa kukonza firiji ikafa, onsewa ali pa ntchito ya nsomba ngakhale sadziwa kusambira. Mwana amene waphunzira za mafiriji kudzera ku TEVETA asamangoganiza zokonza a m'mabala ndi m'magolosale.

Komanso wogula wasintha. Mayi wapantchito ku Chirimba kapena ku Kameza safuna kufika kunyumba 6 koloko n'kuyamba kupala mamba. Amafuna nsomba yotumbula kale, yotsuka, yoikidwa bwino m'pepala, aitanitse pa WhatsApp, alipire pa Airtel Money kapena Mpamba, wakabaza amubweretsere. Geni imeneyi simafuna digiri. Imafuna ukhondo, kusunga nthawi, ndi munthu wokhulupirika kudoko amene sangakutumizireni nsomba za dzana. Apa mpovuta, chifukwa ambiri amagwa pa kukhulupirirana komweku, osati pa mpamba.

Nanga za maiwe? Apa ndiye ndimasiyana ndi amene amangouza achinyamata kuti kumbani maiwe mulemere. Dera la Lirangwe ndi louma. Mitsinje yambiri ikafika Okutobala imatsala mchenga, pamene makumba ndi chilunguni zimafuna miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi m'madzi osaphwa kuti zikule. Ngati dambo lanu limauma chaka ndi chaka, dziwe limenelo ndi dzenje chabe, ndipo ngongole imene mwatenga idzakupezani. Amene ali ndi madzi okhazikika, makamaka chakufupi ndi Shire, ayese ndithu, koma ayambe awerengera chakudya. Gaga ndi manyowa a nkhuku zimathandiza, koma nsomba zake zimakula mochedwa. Chakudya choyandama chimene alimi akuluakulu amagwiritsa ntchito, chambiri chakhala chikuchokera ku Zambia, ndipo mtengo wake umatsatira dola. Umenewutu ndi mpata wina. Soya timalima tokha. Wophunzira kusakaniza chakudya cha nsomba, kapena kuswetsa mbewu yabwino ya nsomba n'kumagulitsa kwa alimi, sadzasowa kasitomala.

Chenjezo pang'ono kwa okonda mavidiyo a pa YouTube ndi TikTok: nsomba zonenepa msanga zimene mumaziona ku Zambia ndi ku Uganda, zambiri ndi Nile tilapia, ndipo malamulo athu a zausodzi salola kungolowetsa mtundu wachilendo m'dziko muno. Cholinga ndi kuteteza chambo chathu. Kumbukiraninso kuti mu 2020 ku Mchinji kunabuka matenda a zilonda pa nsomba, aja a EUS. Mbewu yogula mwachinyengo ikhoza kukupherani dziwe lonse ndi la mnzanu lomwe.

Kwa amene ali ndi MSCE yabwino, sukulu zilipo. Ku Mpwepwe m'boma la Mangochi kuli Malawi College of Fisheries. Ku Bunda, LUANAR imaphunzitsa za ulimi wa nsomba mpaka digiri, Mzuzu University nayonso ili ndi maphunziro a zausodzi, ndipo ku Domasi kuli malo a boma ofufuzira za ulimi wa nsomba. Makampani a nsomba amafuna anthu osamalira nsomba m'makola a panyanja, oyendetsa maboti, amakaniko, oyang'anira ukhondo ndi owerengera ndalama. Tisanamizane, malo olembedwa ntchito ndi ochepa poyerekeza ndi omaliza sukulu. Koma ndi angati m'masukulu a CDSS a kwa Kuntaja, kwa Kapeni kapena kwa Chigaru amene anamvapo za Mpwepwe? Aphunzitsi akamatchula ntchito amathera pa unamwino, uphunzitsi ndi upolisi basi.

Khonsolo ya Blantyre nayo ili ndi gawo lake. Amayi ogulitsa nsomba pa Lirangwe ndi pa Chileka amadula tikiti tsiku lililonse, koma ambiri akugulitsirabe padzuwa, ntchentche zili ng'waa. Ndalama za tikitizo zimange shedi, mpopi wa madzi ndi chipinda chozizira cha sola, gulu la achinyamata lizichiyendetsa ndi kulipiritsa pa beseni. Khansala wanu ali pa WhatsApp. Mufunseni kuti mu bajeti ya chaka chino muli chiyani cha msika wa nsomba.