Pakhonde la Madrasa: Wofuna Udotolo wa Mano Afufuze Chiyani?

Ulendo uno tikambe za ana athu amene Allah wawatsegulira mwayi wa maphunziro ku America, mtima wawo uli pa udotolo wa mano.

Kumeneko munthu sachoka ku sekondale n'kukalowa m'sukulu ya mano ayi. Amayamba watenga digiri yoyamba ya zaka 4, nalemba mayeso otchedwa DAT, kenaka n'kupempha malo ku sukulu ya mano kumene amakhalako zaka zinanso 4. Pa zaka za digiri yoyambazo ophunzira ambiri amadziphatika kwa mphunzitsi wina wa pa koleji kuti azimuthandiza pa kafukufuku, podziwa kuti kalata yawo yopemphera malo idzalemererako. Tsono mutu umaima apa: kafukufukuyo akhale wa chiyani?

Ambiri amaganiza kuti akapanda kufufuza za mano enieniwo, akuluakulu osankha sadzawayang'ana n'komwe. Ine ndikuti si choncho, ndipo mbiri ya udotolo wa mano womwewo ikundichitira umboni.

M'chaka cha 1901 dotolo wa mano wachinyamata, Frederick McKay, anakayamba ntchito ku Colorado Springs, napeza anthu ambiri a kumeneko ali ndi mano a mathothomathotho ofiirira. Chodabwitsa n'chakuti mano othimbirirawo sanali kubowoka msanga. Bamboyu anavutika nayo nkhaniyi zaka 30, nakayikira madzi akumwa, koma osadziwa chimene chinali m'madzimo. Anadzamasula mfundoyo mu 1931 ndi H. V. Churchill, katswiri wa kemisitiri pa kampani ya aluminiyamu ya ALCOA, munthu amene sanazulepo dzino la wina aliyense. Iye anayeza madzi a m'tauni ya Bauxite ku Arkansas napezamo fuloraidi wochuluka. Zinadzadziwika kuti fuloraidi akachuluka amathimbiriritsa mano, koma akakhala wa muyezo amawateteza, ndipo mu 1945 mzinda wa Grand Rapids unayamba kumuthira m'madzi a m'mipopi. Onani tsono, woyeza madzi anathandiza mano a anthu miyandamiyanda. Lero bungwe la WHO limati fuloraidi asapyole mamiligiramu 1.5 pa lita imodzi, ndipo mijigo ina ya m'dziko lathu lino imapyola muyezowu. Mano ofiirira amene timawaona m'midzi ina si kuti onse ndi a uve ayi.

Choncho mwana wokonda kemisitiri afufuze za kemisitiri, wokonda za tizilombo toyambitsa matenda, za zakudya kapena za umoyo wa anthu m'midzi apite komweko. Chofunika n'chakuti apeze mphunzitsi amene ali ndi nthawi yomuwongolera, ndipo akhazikike pa ntchito imodzi chaka kapena zaka ziwiri mpaka aione mapeto ake. Tsiku lokafunsidwa mafunso adzamufunsa chimene ankafufuza ndi chimene anapeza. Amene anangosankha mutu kuti dzina lake limveke la mano, chonsecho ntchito yake inali yotsuka mabotolo, lilime lidzamulemera. Pajatu niyyah ikakhala yongodzionetsera, siichedwa kuonekera poyera. Asaiwalenso kuti kafukufuku salowa m'malo mwa malikisi abwino, kapena mwa nthawi yokakhala pambali pa dotolo wa mano kuona m'mene amagwirira ntchito.

Wina anganene kuti mwana wa Chisilamu afufuze za mswaki, poti Mtumiki (SAW) ankaukonda kwambiri. Ndi ganizo labwino, ndipo mtengo wake wa araki, umene akatswiri amautcha Salvadora persica, wafufuzidwapo kale kambirimbiri. Koma chenjezo langa nali: asalowe m'labotale atalemba kale yankho mumtima. Sunnah siifuna kutetezedwa ndi manambala opeka. Chimene wapeza alembe chomwecho, ngakhale chisamukomere, pakuti zotsatira za kafukufuku ndi amanah.

Asanavomere malo afunsenso mwaulemu zinthu ziwiri. Choyamba, ngati adzapatsidwa mpata wa Jumu'ah Lachisanu masana. Chachiwiri, zimene adzazigwira ndi manja, chifukwa ofufuza ena a za mano amagwiritsa ntchito nsagwada za nkhumba. Ndi bwino kudziwiratu n'kufunsa masheikh kusiyana ndi kudzathawa ntchito ili pakati.

Kwa ana amene ali kuno kumudzi njira ndi ina. Maphunziro a digiri ya udotolo wa mano anayamba mu 2019 ku College of Medicine ku Blantyre, imene kuyambira 2021 ili mbali ya KUHeS, mothandizana ndi University of Glasgow. Kumeneko safuna digiri ina yoyamba, ndiye mwana wa Fomu 3 ndi Fomu 4 alimbikire masamu ndi sayansi kuti mapointi ake a MSCE akamulole kupikisana nawo. Insha Allah tikumananso m'kope likudzali.