ZA PAKHOMO PATHU: Cinthembwe ca pa Khonde

Mwezi uno ndifuna kuceza nanu za cinthembwe, comera cija ca masamba onenepa a minga m'mbali, cimene ambiri a ife tingocipitirira pa thanthwe osaceuka. A m'tauni aciyesa alovera. Koma alovera weni-weni kwao ndi ku Arabia, ndipo cathu ca m'mapiri ndi mbale wace cabe.

Kodi mudziwa kuti mtundu umodzi wa cinthembwe uli ndi dzina la boma lathu? M'caka ca 1941 akatswiri awiri a zomera, Inez Verdoorn wa ku Pretoria ndi Harold Basil Christian, anaulemba m'mabuku nauchula Aloe mzimbana. Ndiwo waung'ono, wa maluwa ofiira, umera pa miyala m'mapiri a Viphya ndi Nyika. Alendo anauona nazizwa. Nanga ife eni ace tidzaupeputsa bwanji?

Wofuna kubzala asazule tsinde lonse kuthengo, pakuti pa thanthwe cikula pang'ono-pang'ono, ndipo moto wa lupsa ucisautsa kale. Koma apemphe mphukira imodzi kwa mnansi amene ali naco pakhomo, naigoneke pa mthunzi masiku atatu kuti bala lace liume. Pamenepo atenge mphika wakale, auboole pansi, aikemo timiyala, ndi pamwamba pace mcenga wa kumtsinje wosanganiza ndi dothi lakuda, muyeso wofanana. Sabata yoyamba asathire madzi konse.

Cimene cipha cinthembwe si ludzu ai, koma cifundo copitirira. Masamba ace ndiwo nkhokwe yace ya madzi; cifukwa cace mizu ikakhala m'matope ibvunda msanga. Thirani pokha-pokha dothi litauma gwa, kamodzi pa sabata m'cilimwe, ndi mocepa koposa m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi. Mvula ikayamba, kufikira Epulo, cotsani mphika pa ndontho za tsindwi, muuike pa khonde pofika dzuwa la m'mamawa. Masamba akafiira, musade nkhawa: ndi dzuwa limenelo. Koma akafewa nacita madzi-madzi kutsinde, zulani, dulani pobvunda, muumitse, mubzalenso m'mcenga wouma.

Mau otsiriza ndi a kwa inu amai. Utomoni wacikasu wowawa uja wotuluka podula tsamba utsegula m'mimba kolimba. Mwana asamwe, ndi mai wapakati asauyese n'komwe, pakuti ungamuononge iye ndi mwana yemwe. Ena authira m'madzi a nkhuku poopa citopa. Koma cocinjiriza citopa ndi katemera, ndipo wodalira cinthembwe cokha adzalira khola litatha.

Patsani mwana wanu mphika umodzi ausunge yekha. Adzaphunzira kudikira, ndi kuzindikira kuti cinthu ciri conse cifuna muyeso wace. Tsalani bwino, tidzacezanso mwezi wa mawa.