Altezza ija tinaipha tekha

Sabata yatha, titatsiriza pulogalamu ya usiku pa wailesi, tinapeza Altezza yoyera itaimikidwa kuseri kwa shopu ina ku Chilenje. Matayala awiri analibe mpweya. Pa boneti panali fumbi lokwanira kulembapo dzina, ndipo ana a pafupi anali atalembapo kale awo. Tinaima anthu atatu, tonse a zaka zopitirira 30, tonse tili ndi ana kunyumba, koma palibe amene anafuna kuyamba kuchoka. Mmodzi wa ife anaunika ndi foni pa windo kuti aone ngati mawochi aja akalimo. Anali momwemo.

Inu amene munabadwa cha m'ma 2005 mwina mudabwa kuti anthu akuluakulu angaimirire bwanji motoka yakufa pakati pa usiku. Lekani tikuuzeni. Toyota inayamba kupanga Altezza mu 1998 ndipo inaleka mu 2005. Itangotuluka inasankhidwa kukhala motoka ya chaka ku Japan. Ku Ulaya ndi ku America anali kuigulitsa ndi dzina la Lexus IS, ndipo anaipangira kuti ilimbane ndi BMW 3 Series: zitseko zinayi, mipando ya anthu asanu, koma mphamvu ya injini ipita ku matayala a kumbuyo. Pamene pakhala sipidomita anapapanga ngati wochi yodula ya pamkono, tumawochi ting'onoting'ono tili mkati mwa yaikulu. Pa giya panali kampira ka chitsulo konyezimira, kamene mu October kanali kuwotcha dzanja ngati poto wa pa mbaula. Malaiti a kumbuyo anali oonekera mkati, ndipo anthu anawakopera kwambiri moti mpaka lero malaiti otero pa motoka iliyonse amatchedwa a Altezza.

Zambiri zimene zinafika kuno zinali za mitundu iwiri, ndipo mkangano wake unali kudya Loweruka lonse ku barbershop. AS200 inali ndi injini ya masilinda 6, mahachi 160, yoyenda mofatsa, mau ake osalala. RS200 inali ndi masilinda 4 chabe, koma injini yake anaikonza pamodzi ndi Yamaha, ndipo ya magiya 6 osintha ndi dzanja inali kufika mahachi 210. Ambiri a ife amene tinali kukangana mokweza tinalibe ngakhale laisensi. Tinali kupita kunyumba pa minibasi.

Ku Japan motoka ikakula, kuipimitsa zaka ziwiri zilizonse kumayamba kudya ndalama, ndiye eni ake amaitaya ikali yabwino. Zinali kutsikira pa doko la Dar es Salaam, kulowa pa Nakonde, ndi kubwera pa Great North Road kudzera ku Mpika, Serenje ndi Kapiri Mposhi. Cha m'ma 2010 mphunzitsi, nesi kapena kalaliki wa ku banki anali kutenga loni, kutumiza ndalama kwa munthu amene sanamuonepo, ndi kuyembekezera miyezi iwiri mtima uli m'mwamba. Tsiku lofika motoka, komboni yonse inali kudziwa.

Chimene chinali kutikoka ife ndi ichi: inali motoka imene munthu wokwatira angagule osaoneka wopanda nzeru. Amalume athu ena anaigula motero. Akazi awo anafuna Spacio, chifukwa ana anali atatu ndipo apongozi anali kubwera kawirikawiri ku chipatala. Amalume anangoonetsa chithunzi. "Amake mwana, onani, zitseko zinayi. Ni motoka ya banja iyi." Ndipo inalidi kupereka ana ku sukulu, kunyamula mapoto a chilanga mulilo, ndi kutsogolera mzere wa ukwati itavala maliboni. Lolemba m'mawa inali ya atate. Lachisanu usiku atate omwewo anali mnyamata.

Koma tisanamizane, mwandi. Monga motoka ya banja inali yovuta. Kumbuyo miyendo inali kusowa kopita, ndipo wokhala pakati anali kukwera pa kaphiri kamene pansi pake padutsa chitsulo chopereka mphamvu ku matayala a kumbuyo. Tikumbukira ulendo wa Khirisimasi wopita kumudzi, kupitirira Chipata, anthu asanu, saka ya unga, shuga, mafuta ophikira ndi chikwama cha aliyense. Pa hampu iliyonse motoka inali kukhula mimba pansi, amalume akuluma mano ngati akhulidwa ndi iwo. Pa Luangwa azakhali anagula nsomba zouma, pa Nyimba nthochi, ndipo zonsezo tinazifukata pa miyendo. Titasiya tala, mvula inali itadula kamseu kolowera kumudzi. Altezza inagona pa sukulu masiku anayi, katundu anapita pa ngolo. Ulendowo sitinauiwale, ndipo tikakumana pa maliro kapena pa ukwati timaukambabe, koma amene ananyamula banja tsiku lija zinali ng'ombe.

Manje tifike pa nkhani imene ena a msinkhu wathu safuna kumva. Tikaona Altezza yakufa timapukusa mutu ndi kunena kuti masiku ano sapanganso motoka zotero. Sitifunsa kuti zija zambirimbiri zinapita kuti. Zinali pa roundabout iliyonse mu Lusaka, manje munthu angayende tsiku lonse osaona imodzi yoongoka. Sizinakalambe zokha. Tinazipha ndi manja athu.

Tinadula masipuring'i kuti ikhale pansi, pa miseu imene ngakhale yosadula inali kukhula. Tinaika marimu aakulu ndi ekizozi yodzutsa komboni yonse, koma lamba wa injini, amene afunika kusintha pa nthawi yake, tinali kuyembekezera kuti ayambe waduka. M'malo mwa mankhwala oziziritsa injini tinali kuthira madzi a pa pompi. Oilo inali iliyonse yochipa. Choipa kuposa zonse chinali matayala: ndalama zikatha pa marimu, kumbuyo tinali kuika asalaula otha mano. Motoka yokankha ndi matayala a kumbuyo sikhululukira zimenezo. Mvula yoyamba ya November ikagwa pa tala wa mafuta ndi fumbi, ukaponda kwambiri pa kona, kumbuyo kumafuna kutsogola. Woyendetsa amene anazolowera Corolla sadziwa chochita mphindi imeneyo.

Sipidomita ya zochokera ku Japan imathera pa 180, ndipo tinali ndi anzathu amene anaiona nambalayo ngati ngongole yoti abweze. Mmodzi tinaphunzira naye kuyambira giredi 8. Anali atangoyamba nchito, mkazi wake ali ndi pakati, ndipo motoka anaigula ndi mau omwe aja a zitseko zinayi. Inamutaya pa Great East Road usiku wina wa mvula, ali ndi anzake awiri. Uthenga wa maliro ake unawerengedwa pa wailesi yomwe tigwirapo nchito. Loni inapitiriza kudulidwa ku ndalama zimene anasiya. Mwana uja manje ali ku sekondale.

Ena adzati vuto ndi miseu, maenje, kusowa kwa malaiti, mathiraki oima opanda chizindikiro. Zoona, ndipo pa wailesi timazikamba sabata iliyonse. Koma ma Corolla a zaka zomwezo, amene anayenda pa maenje omwewo, akali kugwira nchito ya taxi mpaka lero.

Chatichititsa kulemba ndi mafunso a achinyamata amene amatipeza pambuyo pa pulogalamu, foni ili m'manja, kutionetsa Altezza yochipa pa Facebook. Mng'ono wathu, ngakhale yomalizira kupangidwa yakwanitsa zaka 20. Yachipa chifukwa mtengo wake weniweni uli kutsogolo: mabushi, mashoki, giyabokosi, waya amene amakanika asanu analumikizapo aliyense mwa nzeru zake. Imamwa petulo ngati motoka ya munthu wolemera, ndipo mtengo wa petulo sufunsa kuti malipiro ako akwera kapena ayi. Ukaigula ndi kaloba, udzakhala ndi chithunzi chimodzi chabwino ndi miyezi yambiri yokwera minibasi, makiyi ali m'thumba. Ife tinali kuseka Vitz ndi Honda Fit, kuzitcha tumasopo. Lero ndi zimene tiyendera, ndipo anzathu ena zikuwadyetsa pa Yango. Yamba ndi imeneyo, uphunzire mseu, uone mvula zitatu kapena zinayi.

Sitikunena kuti zotsalazo zipite kwa ogula zitsulo. Apa ndiye pamene mtima wathu uli. M'dziko muno sitidziwa kusunga motoka. Ku Livingstone kunali fakitale yolumikiza ma Fiat m'zaka za m'ma 1970, motoka zomangidwa ndi manja a anthu athu, koma ndani wa inu anaionapo imodzi ikuyenda? Peugeot 504 imene inanyamula makolo athu yatsala m'zithunzi za ukwati. Altezza ili pa njira yomweyo. Ku America lamulo limalola kulowetsa motoka yakunja iliyonse ikakwanitsa zaka 25, ndiye kuyambira 2023 zoyambirira zija zinayamba kuloledwa kumeneko. Zabwino zotsala ku Japan zapeza ogula a ndalama kuposa ife. Zimene zili kuseri kwa mashopu ndi pansi pa mitengo ya mango ndizo zathu zomalizira.

Oyenera kuzitola ndi ife amene tinazilakalaka tilibe ndalama, manje tili ndi ka nchito, ka mimba, ndi mantha okwanira. Munthu amene waikapo mnzake m'manda sathamanga pa kona. Tizibwezere masipuring'i ake, tichotse ekizozi ya phokoso, tigule matayala anayi atsopano tisanaganize za penti, tiziitulutsa pa Sondo. Amene magazi akali kuwira apite kumene liwiro lili ndi malamulo ndi chisoti. Dziko limene linatulutsa Satwant Singh, katswiri wa rally wa Africa yonse kasanu ndi katatu, silisowa kophunzirira, ndipo kumeneko kulibe mwana wodutsa mseu ndi buledi.

M'mawa mwake tinabwerera ku Chilenje. Amai a pa shopu anati mwini wake anasamukira ku Solwezi, giyabokosi inafa chaka chatha, ndipo anyamata a zitsulo abwera kale kawiri kudzafunsa mtengo. Tinasuzumiranso dzuwa lili bwino: RS200, magiya 6, kampira ka chitsulo kakali pamalo pake. Tinasiya nambala ya foni pa kapepala ka shuga. Tagwirizana zoyamba chilimba cha anthu atatu mwezi ukatha, koma kunyumba palibe amene wakambako.