Agogo akayambanso kutaya magazi, auze ndani?

Pa Kaning'ina pano, mu Mzuzu, pali situdiyo ya MBC, ndipo anthu a chigawo cha kumpoto chino anazolowera kumva za umoyo pa wailesi. Kwa zaka zambiri uthenga wa khansa ya amayi wakhala umodzi: kayezetseni khomo la chiberekero ndi viniga, atsikana abayitse katemera wa HPV amene boma linayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019. Zipitirire, chifukwa khansa ya khomo la chiberekero ikutha amayi kuno kuposa ina iliyonse. Koma kodi chiberekero ndi khomo lokha? Za m'kati mwake akunena ndani?

M'katimo mumabuka khansa zina, ndipo imodzi mwa zolusa kwambiri ndi carcinosarcoma. Ndi yosowa: pa amayi 100 odwala khansa ya m'kati mwa chiberekero, amene ali ndi imeneyi sapitirira 5. Madokotala akaunika kachidutswa ka chotupacho amapeza maselo a mitundu iwiri atasakanikirana, ena onga a kakhungu koyala m'chiberekero, ena onga a mnofu, nthawi zina onga a fupa losakhwima. Imathamanga. Ambiri pofika kuchipatala imakhala itadumphira kale kwina. Imagwira kwambiri amayi amene anasiya kusamba, makamaka a zaka za m'ma 60, ndipo chiopsezo chimakula kwa amene anamwapo tamoxifen pochiza khansa ya m'mawere kapena anawotchedwapo m'chiuno ndi radiotherapy.

Chizindikiro chake sichibisala. Mayi anasiya kusamba zaka khumi zapitazo, lero akuona timadontho tofiirira pa nsalu, mawa chikazi chamadzimadzi, kenako ululu m'chinena. Nthawi zambiri magazi otere sakhala khansa, koma palibe angadziwe osayeza. Tsono gogoyo auze ndani? Mpongozi? Mwana wake wamwamuna amene amasunga ndalama ya basi? Ambiri amangochapa nsaluyo kusanache n'kuiyanika kuseri kwa bafa, miyezi n'kumapita. Ena amati awalodza. Anamkungwi athu amalangiza mtsikana tsiku lomwe watha msinkhu. Nanga mayi amene msambo wasiya amamulangiza ndani kuti magazi akabweranso athamangire kuchipatala?

Amene walimba mtima n'kupita, chomudikira n'chiyani? Viniga amaonetsa khomo basi. Khomo likakhala losalala, mayi akhoza kubwerera kwawo mtima uli m'malo, chotupa chikukula m'kati. Carcinosarcoma siyamba ndi HPV, choncho katemera sateteza. Chofunika ndi sikani yoona kukhuthala kwa kakhungu ka m'chiberekero, ndi kutapa kachidutswa kuti kakaunikidwe. Kodi namwino aliyense woyeza ndi viniga ku chipatala cha Mapale, cha St John's ndi m'zipatala zing'onozing'ono za m'maboma ali ndi lamulo lolembedwa loti mayi wotaya magazi atasiya kusamba atumizidwe kukasikanidwa, ngakhale khomo lioneke bwino? Ngati lilipo, ndani akulondoloza?

Funso lina n'la a Unduna wa Zaumoyo. Mzuzu Central, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 2000 ndi thandizo la Taiwan, ndicho mutu wa chigawo chonse kuyambira ku Chitipa mpaka ku Likoma. Kachidutswa kakatapidwa kumeneko, zotsatira zimatenga masabata angati? Tiuzeni poyera, chifukwa pa khansa yothamanga chonchi mwezi umodzi ndi wautali. Chithandizo chake n'chodziwika: opaleshoni yochotsa chiberekero, machubu ndi mabasiketi a mazira, kenako mankhwala a carboplatin ndi paclitaxel, ena n'kuwotchedwanso. Chipatala cha boma cha khansa chili ku Lilongwe, pa Kamuzu Central, mtunda wa makilomita oposa 300 kuchokera ku Mzuzu pa msewu wa M1. Gogo sayenda yekha, pamafunika gadiyani, ufa, makala ndi pogona. Aphungu a kumpoto kuno anafunsapo kangati m'Nyumba ya Malamulo kuti zonsezi alipira ndani?