DZALA SILINAMA

Kumudzi dzala linali kuseri kwa nyumba, ndipo zimene tinkatayamo, monga phulusa, makoko a nthochi ndi zitsononkho, zinkaola ndi kumeretsa maungu onona koposa a kumunda. M'tauni zinyalala timangoziunjika kunja kwa mpanda, maso n'kuyang'ana kumbali. Komatu mulu umenewo uli ndi umboni wa moyo wathu.

M'chaka cha 1973, William Rathje, mphunzitsi wa pa Yunivesite ya Arizona ku America, anayamba ntchito yachilendo mumzinda wa Tucson. Iye anali katswiri wofukula zinthu zamakedzana, koma anatuma ophunzira ake kusanthula zinyalala za m'makomo: kuzipatula, kuziwerenga ndi kuziyeza pa sikelo. Anthu a m'madera omwewo anafunsidwanso za kadyedwe ndi kamwedwe kawo. Tsono mayankho ao sanagwirizane ndi zinyalala zao. Ambiri anachepetsa mowa umene ankamwa, koma zitini zopanda kanthu zinawatsutsa. Chaka chomwecho nyama ya ng'ombe inasowa, ndipo n'pamene anthu anataya nyama yambiri, pakuti mantha anawagulitsa yochuluka, n'kuwaonongekera m'nyumba. Pambuyo pake, pokumba kumtaya, anapeza nyuzipepala za zaka makumi angapo zikuwerengekabe.

Ine, pokhala mphunzitsi, ndinati ndiyese njira imeneyi pakhomo panga kwa sabata imodzi. Mayi akunyumba anandiseka, nati ukalamba wandipeza msanga. Ndinkayembekeza kupeza majumbo, ndipo ndinawapezadi, opyapyala aja amene Boma linaletsa mu 2015. Chimene chinandichititsa manyazi ndi nsima. Tsiku ndi tsiku m'zinyalala munali mitanda yathunthu, pamene ine ndemwe ndimadandaula za mtengo wa thumba la chimanga, ndipo Lamulungu ndimaimirira pamaso pa mpingo kupempherera anjala. Mukadandifunsa kale, ndikadalumbira kuti kwathu sititaya chakudya. Sikuti ndikadanama dala, sindinkadziwa.

Pa Yohane 6 timawerenga kuti Ambuye, atadyetsa khamu lija, analamula ophunzira kutola makombo, nadzaza mitanga 12. Onani kuti mitangayo anaiwerenga.

Tsopano mayi amachepetsako ufa pophika madzulo, ndipo mkute ukatsala timamwera tiyi m'mawa. Adzukulu akunyinyirikabe, ati mkute ndi chakudya cha kumudzi.