Ofufuza athu amachulidwa kunja, nanga kukhola kwamveka ciani?

Caka ndi caka kuyambira mu 2019, kumatuluka mndandanda wa asayansi amene amati ali m'gulu la awiri mwa 100 alionse ochulidwa koposa pa dziko lonse. Amaukonza ndi a John Ioannidis a pa yunivesite ya Stanford ku America pamodzi ndi anzao, pogwiritsa nchito kaundula wa kampani yosindikiza mabuku ya Elsevier. Ukangotuluka, mayunivesite amathamangira kulengeza maina a anthu ao amene alowamo, ndipo pa Facebook pamadzaza zithunzi ndi mau oyamikira. Ife sititsutsa cimwemwe cimeneci. Koma popeza ambiri a ife kuno ku Kafue timadya za m'khola ndi za m'munda, ndi bwino tidziwe cimene cikuwerengedwa pamenepa, komanso cimene cimatsala osawerengedwa.

Nkhani yake imayenda motere. Wofufuza akatsiriza nchito amalemba pepala, akatswiri anzake amaliunika, kenaka limasindikizidwa m'magazini ya akatswiri. Wofufuza wina akalemba lake n'kuchulamo pepala loyamba lija, mwini wake amakhala kuti wachulidwa kamodzi. Kaundula woyamba waukulu wa kuchulana kotere anamutulutsa a Eugene Garfield mu 1964, ndipo Google Scholar itabwera mu 2004, aliyense wokhala ndi intaneti anayamba kudzionera yekha nambala za wina aliyense. Mu 2005 a Jorge Hirsch a ku California anaonjezerapo nambala yochedwa h-index. Munthu amene h-index yake ndi 20, ndiye kuti ali ndi mapepala 20 amene lililonse lachulidwa kosacepera ka 20. Masiku ano mayunivesite ambiri amayang'ana nambala zimenezi pokweza mphunzitsi pa udindo, ndipo opereka ndalama za kafukufuku nawonso amaziyang'ana.

Tiyeni titenge phunziro limodzi lokhudza mlimi wa ng'ombe, ngakhale dzina lake ndi lacilendo. Limachedwa proteomics, kucokera ku liu limene a Marc Wilkins a ku Australia anapanga mu 1994. Thupi la nyama lili ndi mitundu zikwizikwi ya mapuloteni, ndipo ndiwo amagwira nchito zambiri za m'thupi. Kale akatswiri ankafufuza puloteni imodzi kwa zaka. Tsopano pali makina ochedwa mass spectrometer amene amayeza kulemera kwa tizidutswa ta mapuloteni, ndipo m'kadontho kamodzi ka magazi, mkaka kapena umuna amatha kuzindikira mitundu mazanamazana nthawi imodzi.

Pa za kubereka, phunziro la mapuloteni laonetsa zinthu zimene maso sakanaona. Mu 1993 gulu la a Gary Killian ku Pennsylvania linapeza kuti nkhunzi za mtundu wa Holstein zobereketsa bwino zinali ndi mapuloteni ena oculuka m'madzi a umuna kuposa nkhunzi zolephera, ndipo imodzi mwa mapuloteniwo inadzadziwika kuti ndi osteopontin. Mu 2005 ofufuza a ku Osaka, Japan, anapeza puloteni ya pa umuna imene anaicha Izumo, yomwe ikasowa umuna sungalumikizane ndi dzira. Mnzake wa pa dzira, Juno, anapezeka ku England mu 2014. Aliyense amene anagulapo nkhunzi yonenepa, ya linunda lokongola, n'kutha dzinja lonse popanda ng'ombe yotenga bere, adzamvetsa kufunika kwake. Nayenso amene amabereketsa ng'ombe zake ndi umuna wa m'timapaipi, monga wocokera ku malo a boma a ku Mazabuka, amafuna kudziwa kuti ndalama yake sikupita m'madzi.

Mapepala otere amachulidwa mazanamazana, ndipo ndi oyeneradi ulemu. Koma cifukwa cina cimene amachulidwira kwambiri n'cakuti anthu ogwira nchito imeneyi ndi ambiri, ali m'maiko olemera okhala ndi makina odula, ndipo amawerengana okhaokha. Kumene kuli olemba ambiri, kuchulana nakonso kumaculuka. Ng'ombe zimene amayeza kawirikawiri ndi za mkaka za ku America ndi ku Ulaya, zodya m'mbale, osati ng'ombe zathu za Citonga, za Cingoni kapena za Cilozi zimene zimayenda mitunda kufuna msipu mu Okutobala.

Tsopano tibwerere kwathu. Kumadzulo kwa tauni yathu kuli cigwa ca Kafue Flats, kumene ng'ombe za anzathu Aila ndi Atonga zimapita m'cilimwe n'kumadya pamodzi ndi nyama za lechwe. M'zaka za 2006 ndi 2007, a John Bwalya Muma a ku sukulu ya madokotala a ziweto ya Samora Machel pa yunivesite ya Zambia, pamodzi ndi anzao a kuno ndi a ku Norway, anasindikiza zimene anapeza atayeza magazi a ng'ombe za m'midzi yozungulira Lochinvar ndi Blue Lagoon. Anapeza zizindikiro za matenda opolozetsa ng'ombe ochedwa brucellosis, ndipo anaonetsa kuti matendawa ali ndi mbali pa kutayika kwa mabere m'makola a kumeneko. Kafukufuku wotsatira anapeza zizindikiro zomwezo mu lechwe.

Matenda amenewa, abale, si a m'mabuku. Ng'ombe yogwidwa nawo imapoloza bere litakula kale, kawirikawiri litapitirira miyezi 5, ndipo zotsalira zimene zimayenera kutuluka pambuyo pa thole nthawi zambiri zimakanirira m'mimba. Cimene cimanyenga alimi n'cakuti ng'ombe yambiri imapoloza kamodzi kokha, caka cotsatira n'kubereka bwinobwino, mwini wake n'kumati yacira, pamene ikupitiriza kutulutsa tizirombo m'mkaka ndi m'madzi a pobereka. Ng'ombe zina zikanyambita thole lakufalo kapena kudya udzu wa pamalopo, nazonso zimatenga. Nkhunzi imatha kutupa ziwalo zoberekera n'kuleka kubereketsa. Munthu amatenga pomwa mkaka wosawiritsa, ngakhalenso mabisi opangidwa ndi mkaka wosawiritsa, kapena pogwira thole lopolozedwa ndi manja opanda kanthu. Amamva kutentha thupi kobwera n'kupita, thukuta la usiku ndi kuphwanya kwa mfundo, ndipo ambiri amangoti ndi malungo, n'kumamwa mankhwala a malungo osacira, pamene matendawa amafuna mankhwala ena akumwa kwa milungu pafupifupi 6. Njira yoyezera magazi a ng'ombe yochedwa Rose Bengal ndi yacangu ndi yosadula, ndipo katemera wa S19 wobaya mathole aakazi adakali aang'ono wakhalapo kwa zaka zambirimbiri.

Apa ndiye pagona nkhani yathu. Pepala lonena za ng'ombe za ku Lochinvar silingapikisane pa nambala ndi pepala lonena za Izumo, cifukwa anthu olemba za ng'ombe za m'cigwa ca Kafue pa dziko lonse ndi owerengeka. Komabe kwa mai wa ku Chanyanya amene amakama ng'ombe ziwiri n'kulipirira ana sukulu, pepala la ku Lochinvar ndilo lonena za moyo wake. Ndipo ngakhale pepalalo litachulidwa ka 500, nambalayo ikanangotiuza kuti akatswiri anzao analiwerenga. Sikanatiuza ngati mlangizi wa ziweto wa m'dera lathu ali ndi zoyezera, ngati katemera anafika, kapena ngati namwino wa pa kiliniki amakumbukira kufunsa za mkaka pamene wodwala wapezeka alibe malungo. Limodzi mwa mapepala a 2007 aja linatuluka m'magazini ya bungwe la dziko lonse loona za umoyo wa ziweto la ku Paris, imene imaika cidule ca nkhani m'Cingelezi, m'Cifalansa ndi m'Cisipanishi. Mlimi wa ku Peru angamve ciduleco m'cinenero cimene anaphunzira nacho kusukulu, koma mwini ng'ombe zoyezedwazo ayenera kupeza womumasulira.

Sitikuloza cala ofufuza. Munthu amalima kumene akudziwa kuti akolola. Ngati kukwera pa udindo kudalira mapepala a kunja, ndipo tsiku lonse lothera pa dipi pofotokozera alimi silikuwerengedwa paliponse, mphunzitsi wanzeru adzakhala pa kompyuta. Kusindikiza kumene nakonso kumafuna thumba. Mu 2021 magazini yochuka ya Nature inaika mtengo wa mayuro 9,500 kwa wolemba wofuna kuti pepala lake liwerengedwe ndi aliyense kwaulere. Ndalama zotere ndi khola lathunthu. Ndipo tisaiwale kuti nambala zimatha kunenepetsedwa, pakuti ena amadzichula okha, ena amapangana ndi anzao kuti azichulana, ndipo pepala lolakwika limachulidwanso ndi amene akulitsutsa, koma kompyuta imangoonkhetsa zonse pamodzi.

Asayansi enieniwo anaona vutoli. Mu Disembala 2012 gulu la akatswiri ndi akonzi a magazini linakumana ku San Francisco n'kulemba cikalata cochedwa DORA, copempha kuti wofufuza aziyesedwa ndi zimene nchito yake yanena ndi kucita, osati ndi kuchuka kwa magazini imene yatulukamo. Ife tikuona kuti dziko losauka ndilo liyenera kumvera pempho limeneli msanga kuposa dziko lolemera, cifukwa ofufuza athu ndi ocepa ndipo sitingawataye onse ku mpikisano wa nambala. Makomiti okweza aphunzitsi pa mayunivesite athu, pamodzi ndi bungwe la boma la National Science and Technology Council, angathe kulamula kuti kafukufuku aliyense wocitika m'makola ndi m'minda ya anthu akhale ndi tsamba limodzi la Cinyanja, Citonga kapena Ciila, ndi kuti tsambalo liziwerengedwa ngati nchito pa nthawi yokweza munthu. Mapulogalamu a zinenero zathu pa ZNBC Radio 1 alipo kale, akungofuna wobweretsa nkhani.

Ifenso alimi tili ndi mbali yathu. Magazi amene amasanduka mapepala amenewa amacokera m'mitsempha ya ng'ombe zathu, ndipo timazigwira ndife, dzuwa likuswa mtengo. Gulu la ofufuza likadzafikanso ndi majekeseni ndi timabotolo, a mfumu kapena a pampando a koparetivu awalandire ndi ulemu, koma ng'ombe yoyamba isanalowe mumpanda awafunse tsiku limene adzabwerenso ndi zotsatira, m'cinenero citi, ndiponso dzina la mlangizi amene adzasiyiridwe kope. Mayankho alembedwe m'buku la koparetivu, ndipo mtsogoleri wa gululo asainepo.