Manematodi m'Minda ya Fodya ku Kasungu: Kasinthasintha wa Mbewu Afunika Kusamala

Pamene alimi a m'boma la Kasungu akulimbikitsidwa kulima mbewu zina kuwonjezera pa fodya, Unduna wa Zaulimi ukukumbutsa kuti si mbewu iliyonse imene imapumitsa nthaka ku manematodi.

Manematodi ndi tinyongolotsi ta m'nthaka tosaoneka ndi maso. Mtundu umene umavutitsa kwambiri fodya ndi Meloidogyne javanica, ndipo umakonda dothi lamchenga ngati la m'zigwa za Kasungu. Kanyongolotsi kakalowa mu muzu, kamakhazikika pamalo amodzi n'kumayamwa chakudya, ndipo muzuwo umatupa timfundo. Kakakazi kamodzi kamaikira mazira mazanamazana, ndipo m'nyengo yotentha mbadwo watsopano umakhwima pasanathe mwezi. Mizu yotere imalephera kukoka madzi ndi feteleza. Fodya amapinimbira, amachita chikasu ndi kufota masana ngakhale nthaka ili ndi chinyezi. Mlimi akaganiza kuti vuto ndi njala ya m'nthaka amawonjezera feteleza pachabe, ndipo kutayako amakuona pa msika wa Chinkhoma, masamba akapepuka pa sikelo.

Kale nazale za fodya zinkatetezedwa ndi mankhwala a methyl bromide. Mankhwalawa anathetsedwa potsatira pangano la Montreal la mu 1987 chifukwa amawononga mpweya wa ozoni umene umatchinga dziko ku ukali wa dzuwa. Lero chitetezo chagona pa kalimidwe.

Apa ndi pamene pali vuto. Soya, mpendadzuwa, nyemba ndi tomato zili ndi msika, koma mitundu yambiri ya mbewuzi imadyetsanso manematodi omwewa. Kubzala fodya pamene panali soya sikuchepetsa tizilomboti. Mtedza ndi udzu wa Katambora Rhodes ndi zomwe zimathandiza, koma mlimi wa munda waung'ono zimamuvuta kugoneka malo pa udzu kwa zaka zitatu.

Choncho Unduna ukulangiza alimi kuzula ziputu za fodya akangomaliza kukolola kuti mizu iume padzuwa, kusabwereza nazale pamalo amodzi, kusaoka mbande zokhala ndi timfundo, ndiponso kutsogoza mtedza osati soya m'munda umene mudzabzalidwe fodya. Mankhwala ogwiritsa ntchito akhale okhawo ovomerezeka ndi bungwe la Pesticides Control Board.

Alimi amene akukayikira minda yawo azule fodya wofooka ndi mizu yake yomwe, akaonetse alangizi a zaulimi a m'dera lawo kapena akatswiri a bungwe la ARET ku Mwimba.